Kutsikira Kuchigwa pa Tchuthi: Mafunso ndi Mayankho a Ulendo wa ku Chikwawa ndi Nsanje

Mukauza mnzanu wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe kuti pa tchuthi chino mutsikira ku Nsanje, sakufunsani kuti mukagona kuti. Amayamba wakuyang'anani kumaso, kenako n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Kwagwanji?" Kwa anthu ambiri akumtunda, kuchigwa n'kopita pa maliro, pa ntchito ya boma, kapena pa lole ya ufa wachithandizo madzi akasefukira. Zoti munthu angalongedze chikwama n'kupita kumeneko kukangoona malo amaziyesa nthabwala. Mafunso ali m'munsimu ndi amene ndakhala ndikufunsidwa ndi anthu otere, ena mwachidwi, ena monyogodola.

Kodi kuchigwa kuli choti munthu n'kutayirapo ndalama ya tchuthi?

Chilipo, ndipo simungachimalize m'masiku ochepa amene mabwana amatipatsa aja. M'maboma awiri okhawa muli malo atatu osungirako nyama zakutchire: Majete, Lengwe ndi Mwabvi. Muli dambo lalikulu la Elephant Marsh, mathithi a Kapichira, komanso kachisi wa Mbona ku Khulubvi, komwe anthu akhala akuthira nsembe kwa zaka mazana angapo. Onjezerani apo kuti zambiri zimene zinasintha dziko lino m'zaka za m'ma 1800 zinalowera pa mtsinje wa Shire: amishoni oyamba, sitima zapamadzi, amalonda achizungu, ndipo pambuyo pake njanji. Khomo la dziko linali kuno. Ife lero tikukuona ngati kuseri kwa nyumba kotayako phulusa.

Chimene chinationongera maso ndi wailesi. Mayina a Chikwawa ndi Nsanje amamveka kwambiri pakati pa Januwale ndi Malichi. Madzi a 2015, namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023, zonsezo zinachitikadi ndipo zinasiya misozi. Koma chaka chili ndi miyezi 12, ndipo madzi akaphwa chigwa sichitsekedwa ndi loko.

Ulendo wake umayenda bwanji?

Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Chikwawa ndi makilomita ngati 50 pa msewu wa M1, ndipo kukafika pa boma la Nsanje ndi pafupifupi 180. Maminibasi amayenda tsiku ndi tsiku. Koma ngati muli pa galimoto yanuyanu, musathamange, chifukwa msewuwo pawokha ndi gawo la zokaona. Mukadutsa Madziabango umayamba kukhotakhota potsetsereka, ndipo pa ngodya ina chigwa chonse chimangoti mbee pansi panu: Shire akunyezimira ngati lamba wotayidwa pansi, minda ya nzimbe ili biriwiri pakati pa tchire louma, kutali uko mapiri a ku Mozambique. Imani pamalo otakasuka, mutsike, muyang'ane. Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, pomwe mukafika pa mlatho wa Kamuzu mwatsala ndi mamita ngati 100 okha. Makutu amatseka, juzi imavulidwa yokha. Malo otsikitsitsa m'Malawi yense ali kumeneku, pomwe Shire amatulukira kulowa mu Mozambique, pa mamita 37.

Mukapitirira pa Thabwa n'kuwoloka mlatho mumafika pa Dyeratu, pomwe njira ya ku boma la Chikwawa ndi ku Majete imapatukira. M1 amapitirira kumwera kudzera ku Nchalo, Ngabu, Bangula, Tengani, Nsanje, mpaka pa chipata cha Marka.

Nanga kutentha kuja? Amati dzira limapsa padzuwa.

Dziralo sindinaliyesepo, koma kutenthako si bodza. Mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo usiku mphasa imakhala ngati yachoka pamoto. Woyamba kumene asasankhe miyezi imeneyo. Pitani pakati pa Meyi ndi Ogasiti, pamene a ku Dedza ndi ku Mzuzu akunjenjemera m'mabulangete. Nthawi imeneyo kuchigwa kumakhala kofunda bwino, misewu yafumbi yauma, mitsinje yabwerera m'malo mwake. Wofuna nyama kwambiri akhoza kudikira Ogasiti kapena Sepitembala, udzu utauma ndipo nyama zikusonkhana pamadzi. Udzudzu wokha ndiwo sudziwa tchuthi. Gonani m'neti, ndipo mukamva thupi kuphwanya mutabwerera, thamangirani kukayezetsa malungo.

Aliyense amatchula Majete. Kuli chiyani chodabwitsa?

Chodabwitsa n'chakuti nkhalangoyi inafa n'kudzuka. Ndi ya masikweya kilomita 700, ndipo inakhazikitsidwa mu 1955, koma pofika 1992 njovu zinali zitatheratu. Zipembere zinali zitapita kale, mikango nayo ayi ndithu. Munatsala mitengo, agwape owerengeka ndi misampha. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa malowa. Chaka chomwecho anabweretsa zipembere, mu 2006 njovu, mu 2011 akambuku, mu 2012 mikango. Akadyansonga anafika mu 2018, akakwiyo mu 2019, mimbulu mu 2021. Njovu zinaswana mpaka mu 2017 zina zinanyamulidwa pa malole kukadzaza nkhalango ya Nkhotakota. Amene anali wopemphetsa anasanduka wogawira anzake.

Malo ogona alipo a matumba osiyanasiyana. Mkulumadzi ndi ya olemera, Thawale ndi yapakatikati, ndipo pali malo omangapo matenti kwa ofuna zotchipa. Mmalawi amalipira ndalama yocheperapo pachipata kusiyana ndi mlendo wakunja, choncho chiphaso cha unzika chisatsale kunyumba. Lawirani. Nyama zimayenda m'mamawa ndi chakumadzulo, masana zimabisala pamthunzi ngati eni chigwa omwe.

Langizo langa n'lakuti musangothamangitsana ndi mikango. Pitani pa mathithi a Kapichira, omwe ali m'mphepete mwa nkhalangoyi, mukhale pamwala. Apa ndi pomwe David Livingstone anagwiritsidwa mwala mu Januwale 1859, atakwera Shire pa sitima yake ya Ma Robert akuyesa kuti wapeza msewu wamadzi wolowera mkati mwa Africa. Mathithiwo anawatcha dzina la Murchison, mkulu wina wa kwawo, koma madziwo sanamumvere. Mu 1863 anayesanso: anayamba kumasula sitima ina, Lady Nyassa, kuti ainyamule zidutswazidutswa kulambalala mathithi, mpaka kulambula msewu, koma boma la Britain linamuitanitsa ntchito isanathe. Lero pamalo omwewo pali makina a EGENCO opanga magetsi pafupifupi mamegawati 130. Amene akukumbukira mdima umene unagwa m'dziko muno namondwe wa Ana atagumula damu mu Januwale 2022 adziwe kuti unachokera pano. Ngalande yaikulu yothirira ya Shire Valley Transformation Programme nayo ikuyambira pomwepa.

Lengwe ndi Mwabvi n'zofanana ndi Majete?

Ayi. Lengwe, yomwe ili kufupi ndi Nchalo, ndi kwawo kwa boo, nyama ija ambiri amaidziwa ndi dzina loti nyala. Inatetezedwa koyamba mu 1928 n'kukwezedwa kukhala paki mu 1970, ndipo kumpoto kwa chigwa chino nyamayi sipezeka mwachibadwa. Ku Lengwe simuyendayenda kwambiri. Mumakwera m'kanyumba kobisalira pafupi ndi dziwe, n'kukhala chete. Kuona maso a nkhono n'kudekha: pakapita kanthawi njati, njiri, anyani ndi boo amabwera okha kudzamwa. Kwa ana ndi agogo, ine ndimaona kuti Lengwe ndi yabwino kuposa kugwedezeka tsiku lonse m'galimoto.

Mwabvi, kumadzulo kwa Bangula, ndi yaing'ono pa malo atatuwa, masikweya kilomita 135 okha. Nyama n'zochepa, njira n'zovuta. Kumeneko n'kwa munthu wokonda kuyenda pansi pakati pa matanthwe ndi mitsinje yamchenga, osati wofuna zithunzi za pa Facebook.

Azungu akapita kutchuthi amakaona nyumba zamalinga za mafumu akale. Kuchigwa kulibe zotere, ndiye mbiri tikaionera pati?

Funso ili limandisangalatsa. Dziko la Wales ku Britain ndi laling'ono kuposa Chigawo cha Kumwera cha dziko lathu, koma alendo amakhamukirako chaka ndi chaka kukaona malinga amiyala ngati a Conwy ndi Caernarfon, omwe mfumu Edward I ya ku England inayamba kumanga mu 1283. Chimene wojambula zithunzi saganizira n'chakuti malingawo anamangidwa ndi wogonjetsa pofuna kupondereza eni dziko. Chapafupi ndi ife chofanana nawo ndi chipata chotsala cha linga la Apwitikizi la São Marçal ku Sena, tsidya la Zambezi.

Mafumu a kuchigwa ankamanga ndi mitengo, bango ndi dothi, ndipo chiswe sichisunga mbiri. Choncho mbiri ya kuno ili m'mayina ndi m'manda. Tamverani mayina a mafumu a ku Chikwawa: Kasisi, Katunga, Maseya, Mlilima, Makhuwira. Ambiri mwa maufumu amenewa anayambira pa Amakololo, anthu amene Livingstone anabwera nawo kuchokera kumtunda kwa Zambezi n'kuwasiya kuno. Anali ochepa koma anali ndi mfuti, ndipo anapeza mpata pamene Amang'anja anafooka ndi njala ya 1862 ndi 1863 komanso nkhondo za ogwira akapolo. Posakhalitsa anasanduka mafumu m'dziko la Lundu, mfumu yaikulu ya Amang'anja. Mu 1889 anthu a Mlauli, mmodzi wa iwo, anamenyana ndi asilikali a Serpa Pinto wa ku Portugal chakufupi ndi mtsinje wa Ruo, ndipo mkangano umenewo ndiwo unachititsa Britain kuopseza Portugal mu Januwale 1890 kuti achotse asilikali ake. Kunena mwachidule, zoti a ku Blantyre lero amaphunzira Chingerezi kusukulu osati Chipwitikizi zinagamulidwa ndi zochitika za m'chigwa chino. Mpando wa Lundu nawo ulipobe, ku Mbewe ya Mitengo.

Manda nawo amalankhula. Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pomwe Ruo amathira mu Shire, kufupi ndi Chiromo. Anzake atathawa kuchoka ku Magomero anadzakhala pa mudzi wa Chibisa, pafupi ndi boma la Chikwawa la lero, ndipo awiri, Henry Scudamore ndi dokotala John Dickinson, anafera pomwepo mu 1863. Richard Thornton, mnyamata wodziwa za miyala amene anayenda ndi Livingstone, anamwalira mu Epulo chaka chomwecho n'kuikidwa pansi pa mlambe kufupi ndi Kapichira. Musayembekezere zikwangwani zowala kapena wogulitsa matikiti. Mufunse kwa anthu a m'mudzi, ndipo wokuperekezaniyo mum'patse kangachepe. Chimandiwawa n'chakuti azungu ochepawa tikuwadziwa mayina ndi masiku, pomwe Amang'anja zikwizikwi amene anafa m'zaka zomwezo alibe ngakhale mwala umodzi.

Ku Khulubvi munthu wamba angalowe?

Angalowe, koma osati ngati akulowa mumsika. Khulubvi ndi nkhalango yopatulika kufupi ndi boma la Nsanje, ndipo ndi kachisi wamoyo, si malo osungirako zakale. Nkhani ya Mbona imakambidwa mosiyanasiyana, koma mutu wake ndi umodzi: anali wodziwa kuitana mvula, anamuchitira nsanje, anathawira kumwera adani ali pambuyo, ndipo anamupha ku Ndione. Amati zida zachitsulo zinkalephera kumulasa mpaka iye mwini anaulula chimene chingamuphe, ndipo magazi ake anasanduka mtsinje. Mutu wake anauika ku Khulubvi. M'nkhalangomo mumakhala mayi wotchedwa Salima, mkazi wa Mbona, ndipo amakhulupirira kuti mwamuna wakeyo amamuyendera ngati nsato. Wansembe wa Chikatolika Matthew Schoffeleers anatha zaka zambiri akufufuza za chipembedzochi, ndipo mu 2011 malowa analembedwa pa mndandanda woyembekezera wa UNESCO.

Safunsa anadya phula. Yambani mwaonana ndi mafumu ndi akuluakulu osamala kachisi, mufotokoze chimene mwadzera, ndipo mutsatire zimene akuuzani. Nsapato zimavulidwa, nsalu yovala ndi yakuda, mtengo sudulidwa, ndipo foni isatuluke m'thumba musanaloledwe. Mwina mukhumudwa poona kuti kachisiyo ndi kanyumba ka udzu chabe. Koma taganizani: kanyumbako kakakalamba kamamangidwanso, ndipo kakhala kakumangidwanso kupyola nkhondo, atsamunda, amishoni ndi maboma onse amene tawaona. Linga la Sena latsala chipata chokha, pomwe kuno kukadali anthu ogwada n'kuwomba m'manja. Yang'ananinso mitengo yake, kenako muyang'ane mapiri ometedwa mpala ozungulira. Zimene alonda a boma alephera kuteteza ndi mfuti, mwambo wateteza ndi mantha ndi ulemu.

Kulibe nyanja. Wokonda madzi akatani?

Akwere bwato. Elephant Marsh ndi dambo la mahekitala oposa 60,000 pakati pa Chikwawa ndi Chiromo, ndipo mu 2017 linakhala malo achiwiri m'Malawi kulowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo, kutsatira nyanja ya Chilwa. Dzinalo anapereka ndi Livingstone, yemwe analemba kuti anaonapo njovu 800. Lero simupezamo ngakhale imodzi. Muli mvuu, ng'ona ndi mbalame zosawerengeka: nkhwazi, akakowa, atsekwe, anantchengwa, ndi tina tating'ono toyenda pamwamba pa masamba a kakombo ngati tikuyenda pabwalo. Alendo ambiri amalowera pa mudzi wa Mchacha James, tsidya la kum'mawa, komwe asodzi amakutengani pa bwato lopalasa ndi mponda. Nyamukani kusanache, dzuwa lisanakwiye. Gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo wopalasa akati khalani pansi, khalani pansi.

Kusambira ayi. Shire wa kumunsi kuno ndi wa ng'ona, ndipo eni ake amene anabadwira m'mphepete mwake amagwidwa chaka ndi chaka, nanji inu mlendo.

Doko la Nsanje lija lilipobe?

Lilipo, ngati mukutanthauza simenti. Linatsegulidwa mu Okutobala 2010 ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika, pamaso pa Robert Mugabe ndi Rupiah Banda, koma chombo chimene anthu ankadikira tsiku limenelo chinaimitsidwa ndi akuluakulu a ku Mozambique, ndipo doko silinagwirepo ntchito imene analimangira. Pitanibe mukaone. Maloto olumikiza dziko lino ndi nyanja yamchere kudzera pa Shire ndi akale: Nsanje ankatchedwa Port Herald, ndipo sitima zapamadzi zinkaimadi pano. Njanji yochoka pano inafika ku Blantyre mu 1908, kenako inalumikizidwa ndi Beira mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935. Madzi a mu 1997 anadula njira pakati pa Bangula ndi Chiromo, ndipo kuyambira pamenepo anthu akhala akuwoloka pa mabwato pa Mtayamoyo, dzina losafuna kumasulira. Mukaima pa doko madzulo, asodzi akubwerera, tsidya linalo kuli Mozambique poti n'kuitana munthu, mumamvetsa chifukwa chake aliyense wofika pano amayamba kulota zazikulu.

Mapiri aliko, kapena ndi chidikha chokhachokha?

Chigwa sichikhala chigwa popanda mapiri. Kum'mawa kuli phiri lotsika kuchokera ku Thyolo, kumadzulo kwa Nsanje kuli mapiri a Malawi ndi nkhalango ya Matandwe. Kwerani ku Chididi, komwe amishoni anamanga mishoni yawo. Mukafika pamwamba mphepo imasintha, ndipo kukacha bwino mumaona phiri la Morrumbala ku Mozambique. Msewu wake umafuna galimoto yolimba kapena kabaza wa njinga yamoto wodziwa njira.

Si chipongwe kupita kukasangalala kwa anthu amene chaka chilichonse amakhala m'misasa?

Ndinadzifunsapo funso limeneli, ndipo yankho ndinalipeza poona mmene anthu akuchigwa amanyansidwira ndi kuwamvera chisoni. Asena ndi Amang'anja si anthu ongodikira thumba la ufa. Ndi alimi a thonje, mapira ndi mchewere, oweta ng'ombe zimene nyama yake imadyedwa ku Blantyre, odula nzimbe za shuga amene mumathira mu tiyi kuchokera pamene fakitale ya Nchalo inayamba m'zaka za m'ma 1960. Ndi eni valimba, utse ndi likhuba. Funso loti bwanji sasamukira kumtunda limafunsidwa ndi munthu amene sanaonepo chimanga cha kudimba chikubiriwira mu Ogasiti pa dothi limene madzi omwewo anasiya. Chipongwe chenicheni n'kudutsa pa liwiro magalasi ali otseka, kukajambula mkango ku Majete n'kubwerera osagula ngakhale botolo la madzi pa Dyeratu. Gonani usiku umodzi ku Nchalo, ku Bangula kapena ku Nsanje. Lonjerani kuti "Muli tani?", ndipo akakupatsani kanthu nenani kuti "Takhuta." Muona nkhope zikumasuka.

Tikadye chiyani, nanga pobwerera tinyamule chiyani?

Nsima ya mapira kapena ya mchewere ndi mlamba wowamba, kapena makakana a mu Shire. Pa Ngabu ndi pa Bangula kanyenya wa mbuzi sasowa. Mukamva za nyika, timizu ta kakombo tokumbidwa m'dambo, dziwani kuti kwa ambiri ndi chakudya cha nthawi ya njala, choncho musazitchule moseka. Ponyamula, m'miyezi yozizira mupeza masawu, malambe ndi bwemba m'mbali mwa msewu, komanso mikeka ndi madengu oluka ndi mlaza. Nsomba zouma muzikulunge bwino, apo ayi a m'minibasi akudziwani musanafike pa Thabwa. Ndipo chitunda cha pa Thabwa chija muchikwere kukadali kowala, chifukwa madzulo malole odzaza shuga amakwawa pamenepo ngati nkhono, ndipo pa makhota aja palibe powapitirira.